Nyimbo ya Henrike Inaimbidwa Iye Ali Maso

M'katauni kathu ka m'mapiri a Thüringen, maliro aliwonse ankakhala ndi nyimbo ya Gotthold Rennebaum. Bamboyu anabwera ali mnyamata kudzaphunzitsa ana kuimba ndi kudzaliza limba la m'tchalitchi, ndipo anamerera imvi pomwepo. Poyamba ankatumiza nyimbo zake ku mzinda waukulu wa Leipzig, koma a ku Leipzig anali ndi zawo zomvera. Basi, anayamba kupekera ife.

Munthu akamwalira, Gotthold ankamupekera nyimbo yakeyake. Wosula zitsulo anapeza yogunda, mzamba yofewa, ndipo ngakhale chidakwa chathu Kaspar anapita ndi yake, yodzandira pang'ono. Ikatha kupekedwa, ana a sukulu ankavala mikanjo yawo yakuda n'kukaimba pakhomo pa womwalirayo. Ukamva anawo akuimba pakhomo pa munthu isali nyengo ya Khirisimasi, sunkafunsanso.

Pa nyimbo anali wovuta ngati mavu. Mwana akaphonya mawu ankamukoka khutu, kenako chisoni n'kumugwira, n'kumutulutsira apulo m'thumba. Iye ndi mkazi wake Henrike sanaone mphatso ya mwana, koma Henrike ankati ana ali nawo kalasi yonse, onse amamina.

Chaka china kukuyamba kuzizira, chifuwa chinamugwira Henrike. Dokotala anamuyeza, natuluka akupukusa mutu. M'mawa mwake Gotthold anabwera ndi msuzi wa mbatata kubedi.

"Aphunzitsi," anatero Henrike, pakuti ndi mmene ankamuitanira akafuna kumuputa, "yanga mwayamba?"

"Yanu chiyani?"

"Nyimbo. Tauni yonseyi mwaipekera, koma aliyense mumamuimbira makutu atatseka. Ine ndikufuna yanga ndidakamva."

"Mayi inu, siyani zamalodzazo. Imwani msuzi."

"Msuzi wanuwu ndi umene undiphe msanga."

Gotthold anaseka, koma mtima unamuthawa. Kwa iye, kupeka nyimboyo kunali kuvomera kuti mkazi wake akupita, ndipo sankafuna kuvomera. Dzanja lomwe linkamalizira mlendo nyimbo dzuwa lisanapendeke linakana kugwira cholembera. Tsiku lililonse Henrike ankafunsa, tsiku lililonse mwamunayo ankapeza chonamizira: inki yauma, ana ali ndi mayeso, limba likufuna kukonza.

Kenako tsiku lina Henrike sanafunse. Anangogona chete akuyang'ana kudenga. Kukhala cheteko kunamuopsa Gotthold kuposa chifuwa chija, chifukwa anaona kuti akazengereza, mkazi wake apita ngati enawo, osamva kanthu. Anavala jekete lake n'kukadzitsekera m'tchalitchi mozizira, ndipo analira kaye asanakhudze limba.

Sinatuluke nyimbo ya maliro ayi. Inatuluka yothamanga, ya mkazi wobwera kumsika dengu lili m'manja, akukalipira mwamuna wake panjira. Pakati pokha ndi pomwe inkafatsa, ngati munthu waima pakhomo kutembenuka.

Loweruka m'mawa ana anaima pansi pa zenera la aphunzitsi awo atavala zakuda, chipale chofewa chili m'mapazi. Atangoyamba, msewu wonse unatsegula zitseko. Amayi anayamba kulira, abambo anavula zipewa. Ottilie, mkazi wa wophika buledi, anakwera makwerero akusisima, atanyamula keke ya pamaliro. Anapeza Henrike atakhala pazenera lotsegula, atadzifunda bulangete mpaka m'makutu, koma makutuwo atawasiya panja.

"Mayo ine! Anzanga, simunafe?"

"Ndidakali pamzere. Khalani chete ndimve. Kekeyo ikani apa, nayonso ndiilawe."

Pansipo Gotthold ankatsogolera ana ndi dzanja atafulatira zenera, chifukwa akanayang'ana m'mwamba dzanja likanagwa. Nyimbo itatha anakwera pang'onopang'ono ngati wophunzira wopita kukamva zotsatira.

"Ndiye ndine ameneyu?" anafunsa Henrike.

"Ndinu."

"Ndimayenda mothamanga chonchi ine?"

"Moyo wanga wonse ndakhala ndikupuma wefuwefu pambuyo panu."

"Nanga paja yafatsa paja?"

"Ndi paja mumandidikira."

Henrike anagwira dzanja lozizira la mwamuna wake n'kulilowetsa m'bulangete, ndipo anawauza ana kudzera pazenera kuti aibwereze. Anaibwereza mpaka milomo yawo inauma ndi chisanu, Ottilie n'kuwagawira keke ija.

Henrike anamwalira chipale chisanasungunuke. Tsiku la maliro anawo anabweranso ndi mikanjo yawo, naima pakhomo, maso ali pa dzanja la aphunzitsi. Dzanjalo silinakwere. Onyamula bokosi anadikira, anthu anayamba kuyang'anana, mpaka abusa anasendera pafupi.

"Aphunzitsi," ananong'oneza, "nyimbo."

"Abusa, yake anatenga kale," anatero Gotthold. "Tiyeni timuperekeze."