Telala Woyamba Kuyeza M'kamwa

Chimalizireni sukulu ndimakhalitsa pakhonde pa amayi ena osoka zovala, ndipo ndikuti anthu awadziwe. Woyembekezera akabwera kudzayezetsa diresi, iwo sayambira pamimba. Tepi ili m'khosi, amati, "Tayasamula kaye, mwana wanga."

Tsiku lina ndinapita kumeneko ndi mlamu wanga woyembekezera. Atayasamula, amayiwo anapukusa mutu, poti nkhama zinali zotupa.

"Ndinasiya kutsuka, mayi," anatero mlamu. "Mswachi ukangokhudza, magazi. Komanso paja amati mwana aliyense amatenga dzino limodzi."

Amayiwo anaimitsa makina, n'kuvula mano awo oikirira, n'kuwakhazika pansalu ya mlamu.

"Amatenga ndi chiyani, pulayazi?" anafunsa, milomo itafota. "Ana anga sanatenge ngakhale limodzi. Mano anga anawola poti ndinkaopa mswachi ndi dokotala. Gula mswachi wofewa, upite kuchipatala akakuone mano. Diresi ndisoka ukabwerako."

Mlamu anapita m'mawa mwake, akung'ung'udza njira yonse. Mwana anabadwa mwezi watha, ndipo mano a mlamu onse alipo. Dzino lomwe tikudikira pano ndi la khandalo.