Pulagini yako ikunamabe, Lameki

Lameki, lero wandipsetsanso mtima ngakhale uli m'manda. Seva ya ku Msakambewa, kompyuta yaikulu imene ena onse kumeneko amadalira, yafa m'mawa uno, disiki itadzaza, ntchito yonse yaima. Koma kompyuta yathu ya kuno ku Mponela, imene imayang'anira maseva onse, sinatichenjeze ngakhale pang'ono, imangoonetsa zobiriwira, chizindikiro choti zonse zili bwino. Nditatsegula pulagini, pulogalamu yaing'ono yoyeza seva ija, ndapeza kuti ndiwe unaisintha, kuti izingoyankha kuti zonse zili bwino zivute zitani.

Ndikulikumbuka tsiku lake. Sikirini inafiira kusonyeza kuti seva yomweyi yafa, mvula ili pakati, tinakwera mapiri aja a ku Msakambewa pa njinga yamoto, kugwa m'matope, kukafika n'kupeza seva ili bwinobwino, netiweki yokha ndiyo inathawa. Unatukwana uku ukufinya sokosi, umvekere, "Aise, makina amenewa sadzandiyendetsanso ulendo wachabe." Ine ndinaseka, osadziwa kuti ukunenetsa. Komatu ndi momwe unalili iwe, chilichonse chokuchenjeza unkachitseka pakamwa. Unkatsokomola, kuonda mpaka malaya kukukulira, ife tikati tiye kuchipatala unkatikalipira kuti uli bwino, tisakuvute. Wamakani iwe, wabodza iwe. Mkazi wako mpaka pano amandifunsa ngati ndinkadziwa kuti ukudwala chotero, ndiye ndimuyankhe chiyani? Pulagini ija ndaikonza, yafiira nthawi yomweyo, ndipo mawa ndikwera ndekha mapiri aja. Seva ndikaidzutsa. Koma iwe unangotionetsa zobiriwira mpaka tsiku lomwe tinakakuika ku Mvera, ndipo sindinakukhululukire.