Mbira, Ngayaye ndi Maso a Mwana Wanga

Tinkakhala ku Maramba m'zaka zija za chipani chimodzi, pamene ufa unkapezeka pa mzere wokha. Mwana wanga wachisamba, mtsikana, ankavutika ndi maso chaka chilichonse mvula ikafika pakati. Masowo ankafiira, kutupa, ndipo iye ankawatikita mpaka kulira. Kusukulu ankamubweza poopa kuti apatsira anzake.

Kukiliniki tinapeza adokotala aang'ono, bambo wachilozi woleza mtima. Atamuyang'ana anati, “Ba mayo, iyi si matenda yopatsirana. Ni mungu wa maluwa, maso yake siyaufuna. Mankhwala yodontheza yanasila, kulibe. Pezani chomera chamene chimuvuta.”

“Ndichipeza bwanji, poti tauni yonse ndi zomera?” ndinafunsa.

Anaseka pang'ono, nati kumaiko akutali ophunzira amayesera zoterezi pa mbira, chifukwa maso ake nawonso amayabwa.

Mbira ndinali nazo kukhitchini, zomwe ndinachokera nazo kwathu kum'mawa. Pobwerera ndinapita kumsika kukapempha makatoni. Mbirazo ndinazigawa pawiri: zina ndinkazipatsa masamba a kabichi okhaokha, zinazo ndinkazikutumulira maluwa m'katoni mwake m'mawa uliwonse. Ndinayamba ndi udzu wa m'ngalande, koma sizinasinthe. Maluwa achikasu a kumpanda nawonso zinangowadya. Anansi ankati ndazungulira mutu. Mayi wina anandiuza kuti ndisiye kusewera ndi ndiwo, ndipite kwa sing'anga ku Dambwa. Sindinapite.

Tsiku lina ndinathyola ngayaye za chimanga chathu chakuseri kwa nyumba, pansi pa zenera lomwe mwanayo ankagona. Ndinazikutumula kwa masiku angapo. Mbira zambiri sizinasamale, koma imodzi yoyera inayamba kukanda kumaso ndi mwendo, maso ake akuchucha misozi. Ndinaichotsa, inachira. Nditaibwezera, zinayambiranso.

Adokotala aja nditawafotokozera anati mbira imodzi si umboni wokwanira, koma kuyesa sikulakwa.

Vuto linali amuna anga. Ankagwira ntchito ku njanji, ndipo kamundako ankakasamala ngati mwana.

“Amake mwana, mukufuna ndidule chimanga chifukwa cha mbira? Mzere wa ufa simukuuona?”

“Ndikuuona, abambo, amene ndimaimapo ndine. Koma mwanayu sukulu yaima.”

Sindinawakakamize kudula. Ndinamutumiza mwanayo kwa alamu anga pafupi ndi sitesheni, kumene kunalibe munda, kuti azipita kusukulu kuchokera kumeneko. Loweruka lotsatira bambo ake anakamuona, ndipo anabwera osalankhula zambiri. Anangoti, “Maso ayera.”

Chimanga cha chaka chimenecho tinakolola. Dzinja lotsatira tinapempha malo olima chimanga kunja kwa tauni, ulendo wautali ndithu, ndipo ndinkayenda ndekha ndi khasu paphewa pamene iwo ali kuntchito. Kuseri kwa nyumba tinadzalako mbatata ndi chibwabwa, ndiwo ija ya masamba a maungu.

Sindinganene kuti mwanayo anachiriratu, chifukwa anansi ankalimabe chimanga chawo, ndipo mphepo sifunsa mpanda. Masiku ena ankadzuka maso ali psuu, ine n'kumuikira kansalu konyowa, n'kutseka zenera. Koma kutupa kuja kunachepa, aphunzitsi anasiya kumubweza, ndipo mayeso a giredi seveni analemba pamodzi ndi anzake.