Mwaye pa Mpango wa Amayi

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinaboola uvuni wa makala wa Che Bwanali, ndipo mpaka lero sindinapepese kwa munthu. Tinkakhala ku Utale, ine, amayi ndi mng'ono wanga Asiyatu amene anabadwa ndi mphumu. Bambo anali kumigodi ku Joni.

Amayi sankadziwa kalendala, koma nyengo ankaiwerenga pa mpango wawo woyera wopempherera. Akauchapa m'dzinja unkauma uli mbee, ndipo Asiyatu ankathamanga nafe mpaka kumunda. Ikafika Juni, anthu n'kuyamba kugona ndi moto m'nyumba, mpango unkatuwa. Koma kuyambira Ogasiti, osaka mbewa akayatsa tchire, alimi n'kutentha mapesi, mwaye unkatera paliponse: pampango, mumtsuko wa madzi, ngakhale m'mphuno. Mapiri ankabisika. Apo chifuwa cha Asiyatu chinkalira ngati kamwana ka mphaka.

Utsi wa tchire sungauloze mwini wake. Koma chaka chimenecho Che Bwanali, mnansi wathu amenenso anali wapampando wa nthambi ya chipani, anaunjika mitengo ya tsanya kuseri kwa nyumba yathu, n'kuikwirira ndi udzu ndi dothi, n'kuyatsa. Malo anali nawo ambiri, koma anasankha pamenepo. Uvuni umafuka sabata yathunthu, utsi wake wolemera, wokwawa pansi.

Amayi anapita kukagwada. “Che Bwanali, mwana sakupuma. Uvuni winawo bwanji mukamangire kudambo?”

“Utsi uli ndi miyendo yake, mayi, ine sindiutuma,” anatero akuseka. “Kodi khadi la chipani la chaka chino muli nalo? Tationetsani.”

Amayi anabwerera kunyumba. Masiku amenewo wapampando akafunsa khadi, nkhani yatha.

Ine sindinaithetse. Ndinayamba kuwazonda Che Bwanali ndili kuseri kwa nkhokwe. Ndinaona kuti dothi likang'aluka pang'ono, ankathamanga kukamata, ndipo tsiku lina ndinawamva akukalipira akazi awo kuti uvuni ukalowa mphepo makala onse amasanduka phulusa. Mawu amenewo ndinawasunga. Lachisanu masana, amuna onse ali kumzikiti, ndinatenga mpini wa khasu n'kuboola uvuniwo malo asanu.

Moto unabangula m'kati, ine mtima mbee. Chimene sindinayang'ane ndi mphepo. M'mawa inkakankhira utsi kutchire, koma masana a Okutobala imatembenuka. Moto unalumphira pa udzu wouma, ndipo utsi umene ukanafuka pang'onopang'ono sabata yonse unakhuthukira pakhomo pathu nthawi imodzi, Asiyatu ali chigonere pakhonde.

Amayi anamubereka mpaka kuchipatala cha mishoni. Patapita masiku atatu anabwerako ndi mtembo. Sabata yotsatira mvula yoyamba inagwa n'kutsuka mlengalenga, mapiri n'kuonekanso.

Che Bwanali sanatole ngakhale khala limodzi. Pamaliro anakhala kutsogolo, akupukusa mutu ngati munthu wachisoni. Sanadziwe amene anaboola. Amayi okha ndiwo anadziwa, chifukwa anapeza mpini wopserera kuseri kwa nkhokwe. Sanandimenye. Anangondipatsa mpango uja, wakuda bii.

“Chapa.”

“Amayi, anayamba ndi iwo.”

“Ndikudziwa, mwanangu. Koma iwe unayang'ana kumene mphepo ikulowera?”

Ndinauchapa katatu, mwaye sunachoke wonse.

Lero ndine gogo wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndipo mmodzi ali ndi chifuwa chonga cha Asiyatu. Ikafika Ogasiti ndimayanika nsalu yoyera pachingwe. Ikada, ndimamutsekera m'nyumba, kenako ndimayendera mudzi wonse kuona amene akuunjika mitengo. Akati ndi nkhuni chabe, ndimabwereranso mawa lake kukaona. Amati ndine nkhalamba yovuta. Anene.

Che Bwanali sindinawakhululukire. Atamwalira sindinapondeko pamaliro, ngakhale mpunga wa sadaka yawo sindinaulawe. Akanamanganso uvuni uja ndikanauboolanso. Chimene ndinaphunzira n'chakuti moto wobwezera suona nkhope: umapita kumene mphepo yautuma, ndipo umayamba ndi wofooka wa pakhomo pako. Ndikanayamba ndanyamula Asiyatu kupita naye kudambo, kenako n'kutenga mpini.