Ntchito ya Amayi Inamuchotsa Sukulu

Inu amene mukuona ngati dziko lakutembenukirani, imvani za mtsikana wina amene anatulutsidwa m'kalasi chifukwa choti amayi ake anapeza ntchito.

Bungwe lina linkalipirira fizi ana a makolo osagwira ntchito, ndipo iye anali mmodzi wa anawo. Amayi ake atangolembedwa ntchito yosesa m'sitolo, bungwelo linati banjali tsopano ndi lopeza bwino. Kupeza bwino kwake kwa tsache! Malipirowo sankakwana ngakhale lendi.

"Mwanawe, tenga mabuku ako," anatero aphunzitsi aakulu, maso ali pansi. "Lamulo si langa."

Sitolo ija itatsekedwa, anamubwezera pa thandizo, koma chaka chinali chitapita kale. Zinkangotero: amayi akapeza kaganyu ankamudula, kaganyu kakatha ankamubwezera. Anabwereza makalasi mpaka anzake anamupatsa dzina loti Kabwereza. Zinkamuwawa kwambiri, koma sanagwe mphwayi. Ankagulitsa sopo m'mbali mwa msewu buku lili pamwendo, ndipo mayeso anakhoza ali wamkulu kuposa onse m'kalasimo. Ku koleji anasankha maphunziro a ziwerengero.

Ntchito yake yoyamba anaipeza mu ofesi yomwe inkaunika ngati thandizo lomwe lija linali ndi phindu.

"Nkhaniyi yatha," anatero abwana ake. "Ana olandira analephera mofanana ndi osalandira. Tiwauza a bungwe angotseka thandizoli."

Kabwereza ataona mmene anawerengera, anapsa mtima. Mwana aliyense amene analandirapo, ngakhale teremu imodzi yokha, anamuika m'gulu la olandira zaka zonse, kuphatikizapo zaka zimene anali khale pakhomo atamudula. Ndiye kuti kubwereza kwa iye mwini kunasanduka umboni wotsekera thandizolo.

"Bwana, mwana mwamuvula nsapato, kenako mukuti nsapato n'zachabe poti wabayidwa ndi minga?"

"Iwe wabwera dzulodzuloli. Usatichedwetse."

Sanawasiye. Anachonderera mpaka anamulola kuwerengeranso, bola pa nthawi yake yopuma. Anatsata mwana aliyense teremu ndi teremu, kuona pamene ankalipiriridwa ndi pamene anadulidwa, n'kumuyerekeza ndi anzake ovutika mofanana pa teremu yomweyo. Anzake a mu ofesi ankamuseka kuti ngakhale lipoti akufuna alibwerezenso.

Iye sankaseka nawo. Kunyumba, amayi ake anali atangokana ntchito yochapa zovala, kuopa kuti mng'ono wotsiriza wa Kabwereza, yemwenso ankalipiriridwa ndi bungwelo, angadulidwe. Mzimayi wa manja awiri amphamvu, kukhala dala ndi njala chifukwa cha lamulo lopusa! Ndipo thandizo likanatsekedwa, mwanayo akanatulukabe sukulu.

Zotsatira zinaonekera poyera. Ana ankakhoza pamene ankalipiriridwa, ndipo ankagwa akangodulidwa. Abwana anawerenga mwakachetechete, anakanda m'mutu, n'kusintha lipoti. Bungwe lija silinatseke thandizo, ndipo linalamula kuti mwana akangolowa azilipiriridwa mpaka amalize.

Kabwereza anakapeza amayi ake akuyanika zovala kuseri kwa nyumba.

"Amayi, mawa mulawirire. Ntchito ija mukaivomere."

"Nanga mng'ono wakoyu samuchotsa?"

"Samuchotsanso."

Amayi aja anakhala pansi, chovala chonyowa chili m'manja, n'kuyamba kulira.

Nanunso ngati anakudulani panjira kenako n'kumakutchani olephera, kwiyani ndithu, muli ndi chifukwa. Koma mkwiyowo mupite nawo kuntchito, ndipo mtima wokhawo musautaye.