Kope la Namfedwa

Chibwerereni korona, madamu amene ndimawagwirira ntchito kuno kutsidya la nyanja, ku Al Markhiya, amandipukutitsa chilichonse ndi sanitaiza. Lero ndimapukuta kabuku ka mwana wawo Noura, ka nkhani zimene iye ndi anzake apeka zokhudza mzukwa wa m'sewero la pa TV.

"Mosamala, Esinati! Mwana wanga ndi wolemba," anatero madamu.

Mawu amenewo anandikumbutsa kwathu.

Tili ana ku Ndirande tinkasuzumira pawindo la aneba, kuonera pa TV yawo sewero la mayi wovala zakuda amene ankazungulira ndi kandulo m'chinyumba chakale. Chingerezi sitinkamva, ndiye tinangomutcha Namfedwa. TV ija itafa, atsikana anayi tinatenga kope la kusukulu n'kumapitiriza tokha nkhani yake. Kopelo tinkasunga mosinthana. Ine ndinamulembera kuti wabereka mwana, kuti asamasungulumwe.

Azakhali amene ankandilera analipeza kopelo pansi pa mphasa yanga.

"Magazi! Manda! Wakuphunzitsa ufiti ndani?"

"Ndi nkhani chabe, azakhali."

Anaitana azimayi akutchalitchi. Anandigwaditsa pasimenti n'kumandipempherera mokuwa, malovu awo akundigwera kumaso. Kenako anathira kope lija palafini n'kuliponya pambaula. Ndinalira mpaka kusasa mawu, chifukwa ndinkakhulupirira kuti Namfedwa ndi khanda lake akupsa m'katimo, ndipo wawapereka ndine. Anzanga aja analetsedwa kusewera nane. Sindinalembenso nkhani.

Mpaka lero azakhali akaimba foni amati, "Tinakupulumutsa, mwana iwe."

Kundipulumutsa? Kuno mwana wotere amamutcha wolemba. Ine amene munanditcha mfiti ndi uyu, ndikupukuta fumbi pabuku lake.