Kabokosi ka a Chikepe

Mumsewu wonse ankawatchula kuti a Chikepe, chifukwa kuyambira pa 3 Febuluwale 1986 mpaka pa 30 Juni 2017 ankakonza zikepe m'nyumba zosanja za m'tauni. Anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, wa zala zikuluzikulu koma zodziwa kugwira kawaya kowonda ngati tsitsi. Atapuma pantchito anayamba kuthandiza akazi awo, amene ankafesa mbande za maluwa kuseri kwa nyumba n'kumakagulitsa kumsika.

Vuto linali kanjira. Pakati pa nyumba ndi mpanda panali mpata woti ngolo ya mbande inkadutsa mopanikizika, koma galimoto ayi. Choncho m'mawa uliwonse a Chikepe ankaikoka pamanja, n'kutsetsereka nayo mpaka pageti kukaikoleka kugalimoto. Madzulo ankaikankha chokwera.

Lolemba pa 14 Malichi 2022 msana unakana. Adokotala sanapsatire mawu: asanyamulenso kanthu koposa ndowa ya madzi. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anafika ndi chigamulo chake.

"Ngoloyi igulitsidwe, ababa. Amayi apume. Maluwa si mpweya."

"Kwa mayi ako ndi mpweya," anatero a Chikepe.

"Nanga aikoka ndani? Inu mwathyoka, iwo nyamakazi yawamaliza zala."

"Undipatse mpaka kutha kwa Epulo."

"Pa 30, ababa. Tsiku limenelo ndibwera ndi wogula."

Mayiwo anangotuluka kukathirira mbande zomwe anali atathirira kale, ndipo a Chikepe anawaona pawindo.

M'shedi mwawo simunkatayidwa kanthu. Pashelefu panali zitini za mkaka makumi anayi, chilichonse ndi zake: mabawuti, masipuling'i, mawaya ofiira paokha, akuda paokha. Pansi pa tebulo panali mota ya njinga ya olumala yomwe anatola anthu atataya. Anailumikiza ku tayala la wilibala ndi batire la galimoto, wowotcherera wapafupi n'kuwapangira chigwiriro chokolekapo ngolo.

Loweruka pa 2 Epulo anayesa ndi switchi wamba. Chinthucho chinadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu, ngolo khoma gu! Miphika khumi ndi iwiri phwa!

"Mwatipangira bulu wamisala," anatero akazi awo akutola mapale. "Chatsala n'kuluma."

Chinkafunika ndi kabokosi koti kazipereka mphamvu ku mota pang'onopang'ono, ngati mmene mpopi umatsegulidwira. A Chikepe anakhala pampando, pilo kumsana, magalasi awiri pamphuno, n'kumawotcherera tizipangizo ndi mtovu. Koyamba kanatulutsa utsi. Kachiwiri kanatentha mpaka kusiya chipsera patebulo. Kachitatu anakamangirira ku chidutswa cha poto wa aluminiyamu kuti kazizizira, ndipo pa 16 Epulo ngolo inayenda m'shedimo mofatsa ngati mkwatibwi.

Pa 23 Epulo anaidzaza mbande n'kulowa nayo m'kanjira. Pofika pa mtsetse anachotsa chala pabatani. Mota inasiya kulira, koma ngolo sinamve zimenezo. Inapitirira yokha, iwo akuidzandira pambuyo, mpaka geti linailandira ndi phokoso lomwe linatulutsa anthu m'nyumba.

Geti silinawapweteke mtima ngati manyazi. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ankauza aliyense wophunzira ntchito kuti chikepe chabwino sichidziwika pokwera, chimadziwika poima. Tsono iwo omwewo anayesera makina awo pansi posalala, n'kuiwala za mtsetse. Akanakhala akazi awo atagwira ngoloyo, zikanatha bwanji?

Anabwerera ku nzeru za ntchito yawo yakale. Buleki ya chikepe imakhala yogwira nthawi zonse chifukwa cha sipuling'i, magetsi ndiwo amaitsegula. Magetsi akathima, imaluma. Anapanga chimodzimodzi pa tayala lija, n'kukonza kabokosiko kuti kazitsegula buleki pokhapokha batani likadinidwa. Batanilo analisinthanso. Anaika chivindikiro cha botolo la jamu, chachikulu choti munthu wa zala zopweteka adine ndi chikhatho.

Loweruka pa 30 Epulo namwino uja anafika ndi wogula, bambo wa chipewa yemwe anayamba kumenya matayala ndi nsapato asanapereke n'komwe moni.

"Mayi, gwirani," anatero a Chikepe, n'kuika manja awo kumbuyo kuti asawalakwitse.

Mayiwo anadina. Ngolo inanyamuka mwaulemu, mbande zikugwedeza mitu. Pakati penipeni pa mtsetse anachotsa dzanja, n'kuyamba kumanga bwino mpango wawo. Mwana wawo anagwira pakamwa. Ngolo inangoti njii, osasuntha ngakhale chala chimodzi. Atamaliza kumanga mpangowo mosafulumira, anadinanso n'kupitiriza.

"Nanga kabokosika simungandigulitse?" anafunsa wogula uja.

"Funsani eni ake," anayankha a Chikepe. "Ine ndine wantchito chabe."

Namwinoyo anapukuta m'maso n'kunena kuti ndi fumbi. Mayi ake sanamuyang'ane n'komwe, maso anali kutsogolo ngati dalaivala wa basi.

"Abambo, mwaima chiyani pamenepo?" anakuwa mayiwo. "Katseguleni geti. Zimenezo adokotala sanakuletseni!"